Mafano agolide ndi utsi wosaoneka

Amene anaonapo anyamata akusefa dothi la golide ku Vubwi, dera la ku Zambia lomwe linali mbali ya boma la Chadiza mpaka 2012, sangaganize kuti ntchito yawoyo ili pachibale ndi mafano a milungu ya Abuda ndi Ahindu. Chibalecho chilipo, dzina lake mercury.

Ku British Museum mumzinda wa London kuli fano la Tara, mulungu wamkazi wa Abuda, lopangidwa ku Sri Lanka zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ndi lalitali masentimita 143, mkati mkuwa wosakaniza, kunja golide waliwali. Linaperekedwa kumeneko mu 1830 ndi Robert Brownrigg, yemwe anakhalapo bwanamkubwa wa Angerezi pachilumbacho. 

Akatswiri otchuka pa luso lotere anali Anewari a ku Patan, m'dziko la Nepal, amene ankaumba Buddha, Vishnu ndi Shiva. Mmisiri ankayamba ndi phula la njuchi, n'kuumba chilichonse mpaka zala ndi mikanda ya m'khosi. Akalimata dongo n'kuliwotcha, phula lija linkasungunuka n'kutuluka, ndipo m'malo mwake ankathiramo mkuwa wamoto. Ukazizira, dongo ankaliswa. Chikombole chimodzi, fano limodzi basi.

Golide ankabwera pomaliza. Ankamusakaniza ndi mercury mpaka akhale ngati phala, n'kupaka pafanolo, kenako n'kuliika pamakala. Mercury ankauluka ngati nthunzi, golide n'kukakamira pamkuwa. Mmodzi wa amisiriwa, Arniko, anatchuka mpaka kukatumikira mfumu Kublai Khan ku China, ndipo nsanja yoyera imene anamanga ku Beijing, yomalizidwa mu 1279, idakalipo.

Alendo amasirira kunyezimirako, koma nthunzi ija ankaipuma ndi mmisiri. Imawononga ubongo ndi impso, munthu n'kuyamba kunjenjemera manja. Okumba golide ang'onoang'ono m'maiko ambiri a mu Africa amachita zomwezo: amagwira fumbi la golide ndi mercury, n'kuwotcha kambulungako pamoto, nthawi zina pamafuwa omwe amaphikira nsima.

Zambia inavomereza pangano la Minamata la 2013 lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury. Inu a ku Chadiza amene mwana wanu wapita kumigodi, mufunseni kuti golideyo akumuwotchera kuti, ndipo adzukulu anu amakhala ali pati.