Mkaka Ukavuta pa Mwana Woyamba: Kukonzekera Kuyamwitsa Wachiwiri

Mayi amene mkaka unamuvuta pa mwana woyamba amafika pa mimba yotsatira ali ndi nkhawa yoti zomwezo zidzachitikanso. Koma thupi silibwereza nthawi zonse zomwe linachita poyamba. Kafukufuku wa ku Bristol, ku England, amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2001, anayeza mkaka wa amayi 22 pa mwana woyamba ndi wachiwiri. Patatha sabata imodzi chibadwire mwana wachiwiri, mkaka wawo unali wochuluka ndi 31 peresenti kuposa poyamba, ndipo unawonjezeka kwambiri kwa amayi amene poyamba anali ndi mkaka wochepa zedi. Amayi 22 ndi ochepa, komabe zotsatirazo zikusonyeza kuti vuto la poyamba si chigamulo cha moyo wonse.

Kukonzekera kumayamba ndi kudziwa chimene chinavuta, chifukwa mawu oti "mkaka sukukwana" amanenedwa pa zinthu zosiyana. Amayi ambiri amene amasiya kuyamwitsa pa chifukwa chimenechi amakhala kuti mkaka anali nawo. Mwana ankalira madzulo, ankafuna bere pafupipafupi, mabere anafewa patapita milungu ingapo, ndipo apabanja anati mwana sakukhuta. Zonsezi zimachitikanso kwa mwana wokhuta bwino. Kwa ena mkaka unachepadi, koma unachepa chifukwa sunkachotsedwa m'bere mokwanira: mwana ankagwira nkhumbu yokha, anasiyanitsidwa ndi mayi wake masiku oyamba, kapena anayamba kupatsidwa madzi ndi mkaka wa m'chitini msanga. Gulu lachitatu, lomwe ndi laling'ono, ndi la amayi amene thupi lawo silingapange mkaka wokwanira ngakhale atachita zonse moyenera. Buku la kusikelo la mwana woyamba, ngati lidakalipo, limathandiza kusiyanitsa magulu amenewa, popeza limasonyeza mmene mwanayo ankakwerera sikelo mwezi ndi mwezi.

Bere limayamba kupanga mkaka woyamba wachikasu mimba ikafika cha pakati. Mkaka wambiri umadikira kuti nsengwa ituluke, chifukwa nsengwa imatulutsa homoni ya progesterone imene imaletsa bere kupanga mkaka wochuluka. Nsengwa ikatuluka, homoniyo imatsika, ya prolactin imayamba kugwira ntchito mokwanira, ndipo pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi mabere amadzaza. Kuchokera pamenepo chimalamulira ndi kuyamwa kwa mwana. Bere lomwe mkaka wachotsedwa limapanga wina mofulumira, pomwe lokhala lodzaza nthawi yaitali limachepetsa kapangidwe. N'chifukwa chake kusunga mkaka m'bere kuti "uchuluke" kumabweretsa zosiyana ndi zomwe mayi ankafuna.

Zina mwa zomwe zimasokoneza dongosololi zikhoza kupezeka mwana asanabadwe, ndipo malo ozinenera ndi kusikelo ya amayi oyembekezera. Kachidutswa ka nsengwa kotsalira m'chiberekero kamachedwetsa mkaka mpaka katachotsedwa. Kutaya magazi ambiri pobereka kumachedwetsanso mkaka, ndipo mwa apo ndi apo kumawononga kachiwalo ka pansi pa ubongo kamene kamatulutsa prolactin. Matenda a shuga, vuto la chithokomiro, kunenepa kwambiri, kusuta fodya ndi opaleshoni ya m'bere, makamaka yodula pafupi ndi nkhumbu, zonsezi zimakhudza mkaka. Kukula kwa bere si nkhani, chifukwa chimene chimasiyanitsa bere lalikulu ndi laling'ono makamaka ndi mafuta. Chofunika kuwauza anamwino ndi ngati mabere sanasinthe n'komwe pa mimba yoyamba, sanadzaze mwana atabadwa, kapena ndi otalikirana kwambiri ndi osiyana kukula moonekeratu. Izi nthawi zina zimasonyeza kuti timatumba topanga mkaka ndi tochepa. Shuga ndi chithokomiro zili ndi mankhwala, ndipo mayi amene anatayapo magazi ambiri ayenera kuchirira ku chipatala chokhala ndi zida zokwanira komanso kumwa mosadumphitsa mapiritsi owonjezera magazi.

Luso loyenera kuphunzira mimba isanathe ndi lofinya mkaka ndi manja. Chala chachikulu ndi cholozera zimaikidwa m'mphepete mwa khungu lakuda lozungulira nkhumbu, china pamwamba china pansi, n'kukanikizira cha ku chifuwa, kenako n'kupanikiza ndi kusiya mobwerezabwereza. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2017, wa amayi 635 a matenda a shuga amene mimba zawo zinalibe zovuta zina, anapeza kuti kufinya kuyambira sabata ya 36 sikunabweretse vuto kwa ana. Ngakhale zili choncho, mayi amene anaberekapo masiku asanakwane kapena amene akutaya magazi ali woyembekezera asayambe popanda kufunsa adokotala. Kukoka kapena kukhula nkhumbu pofuna kuzilimbitsa kulibe phindu.

Masiku oyamba ndiwo amafuna chidwi chachikulu. Bungwe la WHO ndi la UNICEF amalangiza kuti mwana aikidwe pachifuwa cha mayi wake khungu kukhudzana ndi khungu akangobadwa, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Izi n'zotheka ngakhale kwa mayi wobereka kudzera pa opaleshoni akangotha kumugwira mwana, bola pakhale womuthandiza. Mkaka wa tsiku loyamba umakhala wochepa, mwina supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa kuyamwa kumodzi, ndipo n'zokwanira kamimba ka mwana wa tsiku limodzi. Apa ndi pamene mayi amene anavutikapo amataya mtima msanga, chifukwa amaona ngati vuto lija layambiranso. Mwana ayamwe kasanu ndi katatu mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe, popeza usiku prolactin imakwera. Akagwira bwino, kukamwa kumakhala kotseguka kwambiri, chibwano chimakhudza bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo kumeza kumaoneka. Nkhumbu zikamapweteka kapena kung'aluka, anamwino aone kagwiridwe ka mwana komanso pansi pa lilime lake, chifukwa ana ena amabadwa ndi lilime lomangika. Ngati mwana ndi wofooka, wogonagona kapena ali kuchipinda cha ana odwala, mayi afinye mkaka kasanu ndi katatu pa tsiku, kuyambira maola oyamba, n'kumupatsa ndi kapu.

Kulira si muyeso wa mkaka. Muyeso wodalirika uli m'thewera ndi pa sikelo. Pofika tsiku lachisanu, chimbudzi chakuda chija chiyenera kukhala chitasanduka chachikasu, ndipo mwana azikodza kosachepera kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Ana amatsika sikelo masiku oyamba, koma kutsika kopitirira 10 peresenti, kapena kulephera kubwerera pa sikelo yobadwa nayo pofika milungu iwiri, kumafuna thandizo tsiku lomwelo. Mayi amene anavutikapo ndi bwino akayezetse mwana sabata yoyamba isanathe.

Thobwa ndi phala la nsinjiro, zimene amayi oyamwitsa amapatsidwa m'makomo ambiri, zimapereka mphamvu ndi madzi, ndipo mayi woyamwitsa amafunikadi chakudya chowonjezera cha m'magulu onse asanu ndi limodzi. Koma palibe chakudya chimene chingalowe m'malo mwa kuyamwa. Mankhwala owonjezera mkaka monga domperidone amalembedwa ndi adokotala okha, njira zina zitayesedwa kale. Pa nkhani ya kulera, mapiritsi okhala ndi homoni ya oestrogen akhoza kuchepetsa mkaka, choncho mayi anene mbiri yake asanasankhe njira.

Zambiri zimadaliranso apabanja. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anasonyeza kuti ku Malawi ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi oyamwitsidwa mwakathithi anatsika kuchoka pa 71 peresenti mu 2010 kufika pa 61 peresenti mu 2015-16. Madzi ndi phala lamadzimadzi nthawi zambiri zimabwera ndi achibale achikondi amene akuona ngati akupulumutsa mwana. Nkhaniyi ikambidwe ndi bambo a mwana, agogo ndi apongozi mwana asanabadwe, pamodzi ndi nkhani ya amene adzatunge madzi, kuphika ndi kulera mwana wamkulu uja. Kwa mayi amene ali ndi HIV, kumwa ma ARV mosadumphitsa ndi kuyamwitsa mwakathithi ndi zofunika kwambiri poteteza mwana.

Pali amayi ena amene mkaka sudzakwanabe. Sikelo ikasonyeza zimenezo, mwana apatsidwe chowonjezera mosazengereza, chifukwa khanda losowa mkaka limatha madzi m'thupi msanga. Choyamba ndi mkaka wofinya wa mayi wake. Ukachepa, achipatala amalangiza za mkaka wa m'chitini wa makanda, wosungunulidwa ndi madzi owiritsa pa mlingo wolembedwa pachitinipo, ndipo umaperekedwa ndi kapu yotsukidwa bwino mwana atayamba wayamwa mabere onse awiri. Potero bere limapitiriza kupanga mkaka umene lingathe, mwana amalandirabe chitetezo cha m'mkakawo, ndipo mlingo wa chowonjezeracho umaunikidwanso nthawi iliyonse akayezedwa sikelo.