Njala ya pa Sharpevale, chakudya cha ku Limbe

Basi yochokera ku Salima ikaima pa Sharpevale, m'boma la Ntcheu, fungo la kanyenya limalowera pawindo, ana n'kuyamba kukoka mpango wa mayi awo. Apa bambo afunse kaye amene wazinga mbuziyo. Yankho likakhala lozemba, nthochi ndi chimanga chootcha n'zokwanira kufikira ku Limbe.

Kumeneko mtima umakhala m'malo. Malo odyera a Asilamu sasowa, ndipo ena amapachika pakhoma chiphaso cha halaal. Biriyani, samusa ndi chambo zilipo, ngakhale wobadwira kunyanja sangachiyamikire chambo chogona m'firiji. Mukaswali Zuhr, pitani ndi ana ku Chichiri Museum akaone mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi.