Laputopu Yodwala Silowanso mu Imelo ya Ofesi Yathu

Amene sanaione ofesi yathu zaka zapitazo sangamvetse chimene chikundisangalatsa chonchi. Tinali pamoto, anthuni! Fulashi imodzi inkazungulira chipinda chonse, kuchoka pa kompyuta ya akauntanti kupita kwa mlembi, kukafika kosindikizira mapepala m'tauni, n'kubwerako itasenza vayirasi uja wobisa mafoda onse n'kusiya mashotikati okhaokha. Pasiwedi ya imelo inali pa kapepala kachikasu komatidwa kunsi kwa kiyibodi. Lachisanu malaputopu ankapita kunyumba, ana n'kumaonerapo makatuni, Lolemba n'kubwera atadzaza magemu osadziwika kochokera. Mnyamata wathu wa IT ankangokhalira wefuwefu. "Achimwene, tabwerani, yanga yazima!" Asanakhale pansi wina waitana kale.

Chinatidzutsa ndi nkhani ya mapasipoti. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Chaka chomwecho kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, loyang'aniridwa ndi MACRA. Ife timasunga mayina a alimi, manambala awo a foni ndi a ziphaso za unzika. Bwana anangoti, "Ngati kwa a boma alowako, kwathu kuno angavutike n'chiyani?"

Lero zinthu zili bwanji? Kompyuta ndi laputopu iliyonse ya ntchito inalembetsedwa mu Microsoft Intune, ndipo Microsoft Defender for Endpoint imaziyang'anira usana ndi usiku. Ikaona chachilendo imapereka mlingo wa chiopsezo: palibe, chochepa, chapakati kapena chachikulu. Intune imatenga mlingowo n'kuufananiza ndi malamulo amene tinaika. Disiki ikhale yokhomedwa ndi BitLocker, Windows ikhale yatsopano, chiopsezo chisapitirire malire. Makina akalephera, chitseko chotchedwa Conditional Access chimatsekeka chokha, imelo ndi mafayilo a ofesi osatsegukanso kufikira atachira. Zili ngati mmene a zaulimi amachitira chigodola chikabuka ku Chikwawa: ng'ombe yodwala siyenda, ngakhale mwini wake atakhala mfumu.

Chandikoma kwambiri n'choti malirewo si ofanana kwa aliyense. Makina a ku akaunti, komwe kumadutsa malipiro, amayenera kukhala oyera mbee, opanda kachiopsezo kalikonse. A ife enafe amaloledwa ngakhale pali kochepa, bola kakukonzedwa. Imeneyi ndiye nzeru. Kale tinkasankha pakati pa kutseka zonse ntchito n'kuima, kapena kutsegula zonse n'kumangopemphera.

Tsiku lina m'mawa wogwidwa anali bwana amene. Anali atatsitsa kapulogalamu kaulere kosinthira ma PDF, osadziwa kuti kabwera ndi katundu wina. Outlook inakana kutseguka, pa sikirini panatuluka uthenga woti makinawo sakukwaniritsa malamulo a ofesi. Bwana anatulukira pakhomo magalasi ali m'manja. Mnyamata wa IT anaimirira mwaulemu nati, "Bwana, si ine ndakutsekerani. Laputopu yanu yadzinenera yokha kuti ili ndi vuto." Anachotsa kapulogalamuko, Defender inasesa zotsala, mlingo unatsika, ndipo tisanapite kokadya nkhomaliro imelo inali itatseguka. Bwana anaseka chikhakhali, ife tonse kuwomba m'manja. Kale ndani akanalimba mtima kuwauza kuti makina awo ndi amene akufalitsa matenda?

Mayi wina wa ofesi yathu wogwira ntchito kumunda anataya foni mu minibasi. Kale bwenzi tonse tikugona khutu lili kunja. Ulendo uno a IT anafufuta imelo ndi mafayilo a ntchito ali pa mpando wawo, osakhudza zithunzi za banja. Pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, sitinachite kuyenda tebulo ndi tebulo kufunsa. Mndandanda wa makina otsalira unali kale pa sikirini, ndipo akauntanti anadziwiratu ofunika kugula.

Malayisensi a Intune ndi Defender si otchipa, ndipo amalipiridwa mu madola omwe akusowa chonchiwa. Komabe ndalamayo sitiidandaula. Mnyamata wa IT tsopano amamwa tiyi wake akadali wotentha, ndipo amapeza nthawi yotiphunzitsa kuzindikira maimelo achinyengo. Timapepala tachikasu tija tinataya, fulashi yoyendayenda ija inatsekeredwa mu kabati.

Inu amene muli ndi ofesi, kaya ndi sukulu, SACCO kapena kabungwe ka anthu khumi, itanani wa IT wanu mawa lomwe. Mufunseni kuti ndi makina angati amene akutsegula imelo ya ntchito, ndipo ndi ati mwa iwo amene ali ndi chiopsezo lero.