Mapiritsi okongoletsa khungu: ogula ndi ati, osiya ndi ati?

Mukalowa m'masitolo a pa Powis Street kuno ku Woolwich, kapena kungotsegula Facebook, mupeza mabotolo a mapiritsi ndi ufa olonjeza khungu losalala, chitetezo ku dzuwa ndi kuchedwetsa ukalamba. Popeza ndalama yathu timaipeza movutikira, ena mpaka kuchezera usiku wonse kusamalira okalamba, ndati lero tikambirane kuti mwa zonsezi choyenera kugula n'chiti.

Poyamba tidziwe kuti kuno ku Mangalande malamulo amatenga zinthu zimenezi ngati chakudya, osati mankhwala. Ndiye kuti siziyesedwa kaye ngati zimagwiradi ntchito monga amachitira ndi mankhwala a kuchipatala.

Tengani collagen, yemwe watchuka kwabasi. Ndi puloteni yolimbitsa khungu, ndipo n'zoona kuti imachepa munthu akamakula. Koma mukaimwa, m'mimba imagayidwa ngati mmene amagayidwira usipa kapena nyama, thupi n'kugawa tizidutswato kumene ilo likufuna, osati pamakwinya panu ayi. Kafukufuku wina amaonetsa kusintha pang'ono, koma wambiri amalipiridwa ndi ogulitsa omwewo. Ine ndalama imeneyo bola ndikagulire malalanje, tomato ndi masamba pamsika wa Beresford Square, paja thupi limafuna vitamini C kuti lipange collagen wakewake.

Biotin nayenso samalani naye. Mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti biotin wambiri amasokoneza zotsatira za kuyeza magazi, kuphatikizapo zoyeza ngati mtima wavulala. Ngati mumamwa, auzeni adokotala asanakutengeni magazi. Za glutathione woti ayeretse khungu sindichedwapo: umboni wake ndi wochepa, ndipo wobaya m'mitsempha uja boma la Philippines linachenjeza kale kuti ndi woopsa.

Nanga piritsi loteteza ku dzuwa? Mu 2018 a FDA omwewo anadzudzula makampani ogulitsa mapiritsi otere, n'kunenetsa kuti palibe piritsi lolowa m'malo mwa mafuta odzola oteteza khungu. A NHS amalangiza mafuta a SPF 30 kapena kuposa, ndi kukhala pamthunzi kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana m'miyezi ya Malichi mpaka Okutobala. Ena muti, "Ife akuda dzuwa lingatitani?" Inde khungu lathu limatiteteza ndithu, koma osati kotheratu, ndipo khansa ya pakhungu imatigwira ifenso, nthawi zambiri kuphazi kapena pansi pa chikhadabo. Bob Marley anamwalira mu 1981 ndi khansa yomwe inayambira pachala cha kuphazi. Ndipo amene muli ndi wachibale wachialubino kumudzi, paja kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, mukamatumiza katundu ikanimo mafuta a SPF 50 ndi chipewa chachikulu, osati mapiritsi.

Tsono piritsi limodzi lomwe ine ndinganene kuti gulani ndi vitamini D, ngakhale ntchito yake si yokongoletsa. Vitamini ameneyu khungu limapanga lokha likaombedwa ndi dzuwa. Ku Lilongwe, madigiri 14 okha kuchokera pa equator, dzuwa limakwana chaka chonse, n'chifukwa chake kumudzi sitinkamva za nkhaniyi. London ali pa madigiri 51. Kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi dzuwa la kuno limabwera chopendekeka, moti ngakhale mutaothera tsiku lonse m'mbali mwa Thames khungu silipanga kanthu. Kuonjezera apo, khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri kuposa loyera kuti lipange mlingo womwewo. Ndiye taganizirani munthu wogwira ntchito usiku, masana ali mtulo, akatuluka ali m'chijasi.

Akachepa vitamini D mafupa amafewa. Akuluakulu amamva kuphwanya m'mafupa ndi kufooka kwa minofu, pomwe ana amatha kuchita matewe. Kuyambira 2016 uphungu wa boma ndi woti aliyense aganizire zomwa mamaikulogalamu 10 patsiku m'nyengo yozizira, koma ife a khungu lakuda chaka chonse. Pabotolo amalemba 10µg kapena 400 IU, ndi chinthu chimodzi. Wosatchuka dzina wa m'supamaketi amagwira ntchito chimodzimodzi ndi wodula uja. Chakudya chimathandiza pang'ono, monga nsomba zamafuta za sardine ndi mackerel, komanso mazira, koma pachokha n'chovuta kukwanitsa.

Musati poti ndi wabwino ndiye ndimwe wambiri. Wamkulu asapitirire mamaikulogalamu 100 patsiku, chifukwa kashiamu amadzadzana m'magazi n'kuwononga impso ndi mtima. Amayi oyembekezera apewe mapiritsi okhala ndi vitamini A wa retinol, yemwe amapezeka m'mabotolo ena a za khungu, chifukwa angavulaze mwana m'mimba. Amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka 4 amene ali pa ndondomeko ya Healthy Start amalandira mavitamini ulere. Funsani azamba kapena ku famase ya pafupi nanu.