Kuchokera ku Dzalanyama Kukafika ku Mvera

Maonekedwe a dziko

Munthu akaima pa chitunda cha ku Lilongwe m'mawa wa mwezi wa Meyi, kunja kutayera, amaona mapiri mbali ziwiri. Kumwera chakumadzulo kuli mtandadza wa Dzalanyama, malire athu ndi Mozambique. Kum'mawa kuli phiri la Nkhoma, ndipo chakumpoto kwake, pa njira yotsikira ku Salima, kuli zitunda za Mvera m'boma la Dowa. Pakati pa mapiriwa pali chidikha cha katondo chimene chimabereka chimanga, fodya ndi mtedza. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imachokera ku Dzalanyama n'kukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakatula madzi onsewo m'nyanja. Za fodya ndi misika yake ena analemba kale zokwanira, ine sindichedwapo. Dera limeneli lili ndi chuma china chimene eni ake sachiwerengera: nkhani ziwiri za chiyambi cha munthu zinakomana muno, ina yochokera ku phiri la kumadzulo, ina yolembedwa m'chinenero chathu pa phiri la kum'mawa.

Kaphirintiwa

Ana ambiri a Sande sukulu amadziwa za munda wa Edeni, koma mukawafunsa za Kaphirintiwa amangoyang'anana. Chonsecho malowa ali m'mapiri a Dzalanyama momwemu. Makolo a Achewa ankati poyamba dziko linali gwaa, lopanda madzi, lopanda chamoyo. Tsiku lina kunachita mdima wa mitambo, mphezi zinang'anima, ndipo Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Anatera pa thanthwe limene pa nthawiyo linali lofewa, kotero kuti mapazi a anthu ndi ziboda za nyama zinadindika pomwepo, ndipo thanthwe litauma zizindikirozo zinatsala.

Taonani katundu amene anthu awiriwa anatsika naye: khasu, mtondo ndi lichero. Mkondo panalibe, uta panalibe. Mchewa anadziyesa mlimi kuyambira tsiku loyamba, ndipo pa zida zitatuzo ziwiri ndi za amayi.

Chauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku la moto. Amene anaonapo nkhalamba ikupeka moto akudziwa kuti si ntchito yamasewera. Imatenga kamtengo kofewa kouma bwino, kusemapo kadzenje, n'kukaponda ndi phazi. Kenaka imaimika kamtengo kolimba m'kadzenjemo n'kumakapotokola ndi zikhato, manja akutsika mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba msangamsanga kuti pasazizire. Pamatuluka ufa wakuda, kenaka kautsi, ndipo nkhalamba ija imagwada n'kumauzira pang'onopang'ono pa udzu wofumbutuka. Munthu woyamba anachita zomwezi, ndipo moto unalumphira m'tchire. Mbuzi ndi galu zinathawira kwa munthu, nyama zina zonse zinabalalika zili ndi mkwiyo umene sunathebe mpaka lero. Bilimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsate, koma Chauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye anamuponyera ulusi wake, Chauta n'kukwera nawo kumwamba. Ali kumeneko analamula kuti munthu azifa, ndipo akafa azimutsata komweko.

Alipo ophunzira ena amene amaseka nkhaniyi kuti ndi nthano ya agogo. Ine sindiseka nawo. Anthu amene anaisunga anali atazindikira kale kuti Mulungu anakhalapo pafupi, kuti anatalikira chifukwa cha dzanja la munthu mwini, ndiponso kuti imfa inabwera pambuyo pa kulakwa. Wolalikira woyamba atafika ndi nkhani ya Adamu, sanapeze anthu amene anali asanafunsepo mafunso amenewa.

Msinja

Kachisi wa mvula wa ku Kaphirintiwa anasamukira ku Msinja, m'munsi mwa mapiri omwewa. Kumeneko kunkakhala Makewana, mayi wosameta tsitsi, amene ankanenera za mvula, ndipo ng'oma ya Mbiriwiri ikalira anthu ankadziwa kuti kuli nsembe. Nkhondo za Angoni zinabalalitsa mudziwo, koma mwambo sunaferetu. Wofuna zambiri awerenge Mbiri ya Achewa ya Samuel Nthara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma.

Mvera ndi Nkhoma

M'chaka cha 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, a mpingo wa Dutch Reformed wochokera ku South Africa, anamanga misasa yawo ku Mvera, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Mu 1896 anatsegula Nkhoma, kumene anthu a Mazengera ankakhala paphiri poopa nkhondo. Pofika 1900 mamishoni anagwirizana zokhala ndi Baibulo limodzi la onse olankhula Chinyanja, ndipo katundu wamkulu anagwera W.H. Murray. Mbali yaikulu ya ntchitoyi inagwiridwa pa kaphiri ka Kaso ku Mvera. Sanagwire yekha. Aphunzitsi a kuno ankakhala naye tsiku ndi tsiku, kukana mawu osamveka ndi kupereka omveka, ndipo ndi chamanyazi kuti mayina awo sitiwatchula monga timatchulira a Azungu. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, la mipingo yonse pamodzi, linabwera mu 1998. Buku la ku Kaso linayenda kutali: ku Chipata, ku Angonia, ndi m'mipingo ya anthu athu amene anapita kukagwira ntchito ku Harare.

Chiyambi monga mwa Genesis

Buku la Genesis lili ndi mitu 50, koma nkhani ya anthu onse imathera pa mutu 11. Mulungu alenga ndi mawu ake, aumba Adamu ndi dothi, amupatsa Hava, awaika m'munda kuti aziulima. Pa mitsinje inayi ya m'mundamo, iwiri ikuyendabe mpaka lero m'dziko la Iraq, ndiyo Tigris ndi Euphrates. Kenaka kusamvera, kupirikitsidwa, thukuta ndi imfa. Kaini mlimi apha Abele woweta, chigumula chisesa dziko n'kusiya Nowa ndi ana ake Semu, Hamu ndi Yafeti, ndipo pa nsanja ya Babele zinenero zisokonekera.

Apa pali kusiyana kumene Mkhristu sayenera kukubisa. Ku Kaphirintiwa Chauta ndiye athawa, munthu n'kutsala ndi dziko. Mu Genesis munthu ndiye abisala, Mulungu n'kumufunafuna, ndipo mpingo umaphunzitsa kuti kufunafuna kumeneko sikunalekeke kufikira pa Khristu. Mpingo umaphunzitsanso kuti mitundu yonse ndi ya kholo limodzi. Pa chifukwa chimenechi ndiyenera kudzudzula bodza limene linayenda zaka zambiri, loti anthu akuda ndi otembereredwa chifukwa ndi ana a Hamu. Tsegulani mutu 9 muwerenge nokha. Amene Nowa anamutemberera ndi Kanani, ndipo za khungu palibe ngakhale liwu limodzi. Bodzali linakometsedwa ndi anthu amene ankapindula ndi ukapolo, ndipo ndi zachisoni kulimvabe pakamwa pa munthu wakuda.

Mkamwini wa ku Harani

Kuyambira mutu 12 nkhani ichoka pa dziko lonse n'kulowa m'banja limodzi, ndipo apa ndi pamene anthu a kuno amatchera khutu. Tera anachoka ku Uri, kumwera kwa Iraq wa lero, n'kukakhala ku Harani, kumene tsopano ndi dziko la Turkey. Mwana wake Abrahamu anaitanidwa ali ndi zaka 75 kuti asiye abale apite ku Kanani, ndi lonjezo loti adzakhala mtundu waukulu ndipo mafuko onse adzadalitsidwa mwa iye. Ameneyu ndiye kholo la Ahebri. Anadikira mwana kufikira atakwanitsa zaka 100, pamene mkazi wake Sara anabereka Isake. Mayi aliyense amene ananyozedwapo pamtondo chifukwa chosabereka safuna womumasulira nkhani ya Sara.

Koma nkhani imene imakoma kwambiri m'midzi yathu ndi ya Yakobo, mdzukulu wa Abrahamu. Atalanda ukulu ndi madalitso a mkulu wake Esau, amayi ake Rebeka anamuthawitsira ku Harani kwa mlongo wawo Labani. Mchewa aliyense akumva kale: mwana wapalamula, apite kwa atsibweni ake. Kumeneko anakomana ndi Rakele pachitsime, mwana wa Labani yemweyo, ndiye kuti msuweni wake weniweni, ndipo ukwati wa pachisuweni makolo athu ankaukonda. Popeza analibe chuma, analowa ukamwini wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Mkamwini wa kwathu ankadzuka tambala woyamba, khasu paphewa, kukayamba munda wa apongozi asanakhudze wake. Denga la nkhokwe likadontha anali iye, mbuzi ikasowa anali iye. Akakomana ndi apongozi aakazi panjira ankapatukira kutchire, ndipo ngakhale atakhala pamudzipo zaka khumi ankadziwa kuti mudzi ndi wa eni. Choncho mlaliki akafika pamene Labani anasinthanitsa ana usiku wa ukwati, Yakobo n'kudzuka m'mawa ali ndi Leya, mkulu wake wa Rakele, amuna achikulire m'tchalitchi amapukusa mitu, amayi n'kumabisa kuseka m'chitenje. Chowiringula cha Labani, choti wamng'ono sakwatiwa mkulu wake ali pomwepo, nachonso sichachilendo kuno. Yakobo anagwiranso zaka zina zisanu ndi ziwiri, kenaka zisanu ndi chimodzi za ziweto, zonse pamodzi 20, malipiro ake akusinthidwasinthidwa.

Ine ndimati Yakobo anapusitsidwa chifukwa analowa m'banja wopanda ankhoswe. Pofuna mkazi wa Isake, Abrahamu anatuma mkulu wa antchito ake kukakamba ndi eni mbumba, mphatso zinaperekedwa poyera, ndipo Rebeka anafunsidwa ngati akulola. Yakobo anapangana yekha ndi apongozi, popanda womuimira, ndipo zitavuta analibe kokadandaula. Achinyamata a m'tauni amene amangotengana osadziwitsa akwawo aiganizire nkhani imeneyi. Pomaliza anachoka mozemba ndi akazi ndi ana, chitengwa chosapempha, ndipo Labani anamulondola mpaka ku mapiri a Gileadi, kumene anaunjika miyala ya umboni n'kulekana mwamtendere.

Pa chinthu chimodzi Ahebri ndi ife tinasiyana. Kwa iwo mwana ndi wa kwa bambo, ndipo dzina, dziko ndi lonjezo zimatsata amuna. Mchewa wakale akanafunsa kuti Labani analola bwanji mbumba yake yonse kupita. Ana aamuna khumi ndi awiri a Yakobo, amene Mulungu anamutcha Israyeli, ndiwo mafuko a Israyeli. Anabadwa kwa amayi anayi, ndipo nsanje ya m'mitala ndiyo inagulitsa Yosefe, mmodzi wa iwo, ku Aigupto. Njala itagwa, banja lonse la anthu 70 linamutsata kumeneko. Mateyu amayamba mzere wa makolo a Yesu ndi Abrahamu, pamene Luka amaubweza mpaka kwa Adamu.

Manda

Abrahamu anayenda m'Kanani ali mlendo wa m'mahema kufikira imfa yake. Sara atamwalira anagula munda ndi phanga la Makipela ku Hebroni kwa Efroni Mhiti, pa mtengo wa masekeli a siliva 400, pamaso pa anthu a mumzindawo. M'phangamo anaikidwamo Sara, Abrahamu, Isake, Rebeka ndi Leya. Yakobo anafera ku Aigupto, koma analumbiritsa Yosefe kuti asamuike kuchilendo, ndipo mtembo wake unakonzedwa n'kunyamulidwa ulendo wonsewo. Yosefe nayenso analamula za mafupa ake, ndipo Mose anawatenga potuluka. Abale amene amasonkherana ndalama ku Johannesburg kuti maliro abwere kudzagona pa msitu wa kwawo ku Mitundu kapena ku Chimbiya amaumvetsa mtima umenewu.

Phanga la Makipela lazingidwa ndi linga la miyala ikuluikulu la m'nthawi ya Mfumu Herode, ndipo lilipo mpaka lero. Ayuda amapemphera mbali ina, Asilamu mbali ina, pakuti nawonso amamuyesa Abrahamu kholo. Abale athu achisilamu amene mumawapeza mukatsika ku Mvera kulowa m'Salima amamutcha Ibrahim, ndipo chaka ndi chaka amapha mbuzi kapena ng'ombe pokumbukira nsembe yake.