Mutu 6: Zilombo Zomwe Zidakana Kuthawa Mtanda

M'chaka cha 730, Mfumu Leo III ya ku Constantinople idalamula kuti zithunzi za Yesu ndi za oyera mtima zichotsedwe m'matchalitchi, ati ndi mafano. John wa ku Damascus adatsutsa zolimba, nati chithunzi ndi buku la munthu wosadziwa kuwerenga. Mkanganowo udatha mu 843, zithunzi zitabwezeretsedwa.

Nkhani yofanana nayo idachitika kum'mwera kwa Nyanja ya Malawi. Ansembe Achikatolika a White Fathers adafika kwa Mfumu Mponda ku Mangochi mu 1889. Pakati pa Ayao omwe ankatsata Chisilamu ntchito siidayende, ndipo mu 1891 adasamuka. Mu 1902 adatsegula mishoni ya Mua m'boma la Dedza, kufupi ndi Mtakataka. Kumeneko adakumana ndi Gule Wamkulu.

Ansembewo ankati nyau ndi zachikunja, ndipo wofuna ubatizo ankayenera kusiya za kudambwe. Cha m'ma 1920 mkangano udafika pachimake: mishoni inkafuna anyamata kusukulu, akuluakulu a mudzi ankawafuna kumwambo.

Achewa adayankha ndi ng'oma. Pabwalo padatulukira Simoni, chilombo cha nkhope yofiira psuu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, chitavala jekete. Padatulukiranso Maliya, wofunda nsalu, woyenda monyang'wa. Mayina a m'tchalitchi adalowa m'gule, ndipo alendo odzaletsa mwambo adasanduka mbali ya mwambowo. Kwa eni ake, zilombo ndi mizimu ya makolo yodzalangiza amoyo pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu. Kuzithetsa kukadakhala kutseka pakamwa pa makolo.

Zinthu zidatembenukira pa Mua pomwepo. Mu 1976 wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, yemwe adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Amisiri adayamba kusema Yesu ndi Maria a nkhope za Chimalawi. Nyumba yosungira mbiri ya Chamare, yomwe ili pa Kungoni pomwepo, lero ili ndi zigoba za gule mazanamazana, komanso zipinda zofotokoza miyambo ya Angoni ndi Ayao.

Mu 2005 bungwe la UNESCO lidazindikira Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ngati chuma cha dziko lonse lapansi.