Tsamba la pa Intaneti Lokwana Pafoni ndi Pakompyuta Pomwe

Omvera ambiri amene amatsegula intaneti pafoni anakumanapo ndi tsamba lovuta kuŵerenga. Zilembo zake zimachepa ngati nyerere, ndipo kuti munthu atsirize chiganizo chimodzi amayenera kukankhira tsambalo uku ndi uku ndi chala. Vuto lotere silichokera kufoni ayi, koma ku kamangidwe ka tsambalo.

Masamba a pa intaneti anayambitsidwa ndi Tim Berners-Lee ku bungwe la CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo anthu anayamba kuwaona mu 1991. Chinenero cholembera masambawo, chotchedwa HTML, chinkangosonyeza kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime. Njira yoyalira zinthu kumanzere, kumanja kapena pakati inalibe. Tsono mu 1995 pulogalamu yotsegulira masamba ya Netscape itayamba kuonetsa matebulo, ndiko kuti timabokosi ta mizere yotsika ndi yopingasa tolembamo ziŵerengero, okonza masamba anapezerapo mpata. Anabisa mizereyo, naika mutu m'bokosi ili, chithunzi m'bokosi ilo, mpaka tsamba lonse linasanduka tebulo.

Nzeru imeneyi inadza ndi mavuto atatu. Poyamba, tebulo lopatsidwa muyeso wokhazikika silipindika, ndipo pasikirini yaing'ono limasefukira. Chachiŵiri, matebulo oloŵetsedwa m'kati mwa anzawo amalemeretsa tsamba, motero woŵerenga amadikira nthaŵi yaitali uku bandulo yake ikutha. Chachitatu, anthu osaona amadalira pulogalamu yowaŵerengera mokweza, imene imatsata bokosi ndi bokosi, mwakuti nkhani imatha kuwafika yosokonekera.

Mankhwala ake anali atapezeka kale. Mu 1994 Håkon Wium Lie wa ku Norway anapereka ganizo la CSS, ndipo bungwe loona za malamulo a masambaŵa, la W3C, linalivomereza mu December 1996. Mfundo yake njapafupi: mawu akhale paokha mu HTML, malangizo a kaonekedwe akhalenso paokha mu CSS. Wokonza akafuna kusintha maonekedwe a masamba 100, amangosintha pamalo amodzi.

Nanga tsamba limakhala bwanji pakati popanda tebulo? Zonse za patsambapo zimaikidwa m'chigawo chimodzi chachikulu, ndipo chigawocho chimapatsidwa malangizo aŵiri. Loyamba, max-width, limati m'lifupi mwake musapitirire muyeso wakutiwakuti, mwachitsanzo timadontho ta pasikirini 960. Lachiŵiri limati mpata wa m'mbali, wotchedwa margin, ukhale auto, kutanthauza kuti malo otsala agaŵidwe mofanana. Ngati sikirini ili ndi timadontho 1,400, totsala ndi 440, ndipo mbali iliyonse imalandira 220. Pafoni ya timadontho 360 sipatsala kanthu kogaŵa, choncho chigawocho chimangochepa n'kudzaza sikirini yonse.

Mafoni otsegula intaneti atachuluka, makamaka iPhone itatuluka mu 2007, panafunika zoposa pamenepa. Mu 2010 Ethan Marcotte wa ku America anafotokoza njira zitatu zothandiza tsamba kutsata kukula kwa sikirini. Yoyamba ndiyo kuyeza ndi magawo m'malo mwa timadontho: danga la nkhani lisakhale 720 mwa 960, koma 75 peresenti, ndipo la pambali 25 peresenti. Yachiŵiri ndiyo kulamula chithunzi kuti chisakule kuposa malo amene chaikidwamo. Yachitatu ndiyo kufunsa kukula kwa sikirini, kotero kuti ikachepera, tinene, timadontho 600, madanga amene anali moyandikana amasanjikizana, lina pamwamba lina pansi. Kuyambira mu 2017 mapulogalamu a Chrome, Firefox ndi Safari analandiranso njira ya CSS Grid, imene imayala mizere ndi madanga monga ankachitira matebulo, koma yosavuta kusintha.

Izi sizitanthauza kuti tebulo latha ntchito. Mitengo ya mbewu pamsika, zotsatira za mpira kapena nthaŵi za mapulogalamu a pawailesi, zonsezi malo ake ndi m'tebulo ndithu, pakuti ndizo linapangidwira. Cholakwika ndicho kumangira tsamba lathunthu pa ilo.

Ku Malaŵi, kumene ambiri amafika pa intaneti kudzera pafoni ya m'manja, nkhaniyi siyongokongoletsa chabe. Wophunzira wofuna kudziŵa zotsatira za mayeso, kapena mlimi wofufuza za nyengo, akapeza tsamba losaŵerengeka amalitseka uthenga usanamufike, ndalama zake zitapita. Motero sukulu, ofesi kapena sitolo imene yalemba munthu ntchito yokonza tsamba ichita bwino kuliyesa kaye pafoni yaing'ono isanalipire. Ngati mawu akuŵerengeka popanda kukankhira tsamba cham'mbali, ntchitoyo yagwirika.